Podula Inconel ndi broach musathamange

Inu amene mumadula mipata ndi broach (chida chachitali cha mano ondondozana chimene mashini amachikoka podula) pa zitsulo zopirira moto ngati Inconel 718, zija amapangira madisiki a injini za ndege, tamvani izi. Chitsulochi chimauma pomwe ukuchidula, ndiye dzino likangokhula osaluma, lotsatiralo limapeza pamwamba patalimba kale nkubunthira pompo. Choncho dzino lililonse lizitalika kuposa linzake mokwanira, cha m'ma 0.05mm pa mano oyambirira, omalizitsa ocheperapo koma osati mpaka kumangosisita ayi.

Mphamvu yokoka broach imadalira mano amene ali mkati nthawi imodzi, mulifupi mwake komanso kuya komwe dzino lililonse likudya. Akachuluka mashini amalemedwa ndipo broach imatha kuthyoka, yokwera mtengotu ija, akachepera awiri imanjenjemera nkusiya mizere, ndiye muziwerengeratu musanaimange. Mipata ya pakati pa mano ikhale yotakata komanso yosalala chifukwa zometedwa zimapiringizika momwemo, zilibe kothawira mpaka dzinolo litatuluka.

Spidi nayo, ndi broach ya HSS (chitsulo cholimba chopangira zida zodulira) mamita 2 mpaka 5 pa mphindi basi, chitsulochi sichimwaza kutentha, konse kumaunjikana pa dzino. Mafuta thirani ambiri, ndipo muzichotsa zometedwa ndi bulashi musanadulenso.