Kutsogolera mphakati pa za aneneri osathamangira ku 666

Mukangotchula ulosi anthu amaganiza za 666, kapena a prophet oti akuuzeni nambala ya foni yanu. Ngati mwapatsidwa kutsogolera mphakati sabata ino tayesani chonchi, ine ndinayesa kwathu ku Chibavi, ku Mzuzu, ndipo zinagwira.

Yambani ndi Amosi osati Danieli, buku la Amosi ndi lalifupi, mitu 9 basi. Auzeni kaye kuti mkuluyu sanapite ku sukulu ya ubusa ayi, anali woweta nkhosa wa ku Tekowa, ankasamalanso mitengo ya nkhuyu, ndipo analosera nthawi ya mfumu Yerobowamu wachiwiri cha m'ma 760 Yesu asanabadwe, pamene ku Israeli ndalama zinalipo mpaka ena kumagona pa mabedi a minyanga ya njovu.

Popita nyamulani chigoba choyezera chimanga, chija chokhomedwa kunsi kuti chizilowa zochepa. Wina awerenge Amosi 8:4-6, ngati pali amama ofuna kuwerenga m'Chitumbuka asiyeni awerenge, pamamveka bwino. Pamenepo pali amalonda oti tsiku la Sabata likuwachedwetsa, akufuna achepetse muyeso, abe pa sikelo, agulitse ndi zosesa zomwe za tirigu, mmphawi n'kumugula pa mtengo wa nsapato. Akamaliza ingoikani chigobacho pakati osalankhula. Aseka ndithu, aliyense anaberedwapo mu msika.

Apa ndiye samalani, chifukwa nkhani imathawira ku boma ndi mavenda, aliyense kuloza chala kutali mpaka ola kutha. Ibwezeni kunyumba. Tsegulani Yeremiya 22:13, tsoka kwa womanga nyumba koma wantchito osamulipira, mufunse kuti mtsikana wantchito kwanu analandira liti, nanga waganyu amene anaumba njerwa zanu? Kwathu panangoti zii, ine ndemwe ndinali ndi ngongole ya wakabaza ya masabata awiri, manyazi ake.

Mika 2:2 isungeni kumapeto, ya olanda minda ndi nyumba za anzawo. Ngati pali mayi wamasiye amene achibale a malemu anamutengera katundu musamuloze kapena kumuuza apereke umboni, akafuna alankhula yekha.

Musanatseke gwirizanani chinthu chimodzi choti muchite lisanafike Lamlungu, kaya ndi kukafolera denga la agogo ena mvula ya kuno isanawanyowetse, mlembi alembe mayina a opita ndi amene abweretse pepala la pulasitiki.