Kajambulidwe ka msewu wa ku London ndi inki yaku Japan

Yoshio Markino, wojambula zithunzi waku Japan, atafika ku London mu 1897 chomwe chinamugwira mtima kwambiri chinali chifunga, ndipo inunso ngati mukufuna kujambula tauni yaku Ulaya mwachijapani yambirani pomwepo, sankhani tsiku lamvula kapena lachifunga pomwe nyumba zakutali sizikuoneka bwino.

Zofunika ndi sumi, kandodo ka inki kopangidwa ndi mwaye ndi guluu wochokera ku zikopa za nyama, mwala wotikitirapo wotchedwa suzuri, pepala laku Japan lotchedwa washi ndi maburashi awiri, ina yotakata ina yosongoka. Dontherani madzi pang'ono pamwalapo nkumatikita kandodoko osapupuluma, kenako gawani inkiyo m'timbale titatu, yakuda bii, yapakati ndi yotuwa kwambiri yongokhala ngati madzi otsukira mbale.

Apa ndiye pali nkhani yonse. Inki imeneyi sifufutika ndipo mulibe penti woyera woti mubisire zolakwika, ndiye kuwala kwa magetsi amumsewu, madzi onyezimira pa tala, zonsezo ndi pepala lomwe mwalisiya osalikhudza, muyenera kudziwiratu malo ake burashi isanagunde pepala. Nyowetsani kumtunda kwa pepala ndi burashi yotakata ija, pakani yotuwa, nyumba zakumbuyo zingooneka mbuu, osayamba kuwerenga mawindo ayi, atatu kapena anayi akwana, enawo diso la woonera limalizitsa lokha. Pepala likadali lonyowa donthezani yapakati m'munsi mwa nyumbazo muisiye iyende yokha, aku Japan amati tarashikomi, ndipo dzanja limayabwa kufuna kukonza koma lekani.

Dikirani liwume kaye. Washi wopanda mankhwala amamwa madzi moopsa, ngati mizere yanu ikufalikira gulani wopakidwa dosa, yemwe ndi guluu uja wosakaniza ndi mankhwala otchedwa alamu.

Likauma tengani yosongoka ndi inki yakuda, mzere uliwonse kamodzi basi osabwereza: munthu wa ambulera atawerama pang'ono, chitsulo cha getsi, njinga yotsamira pa mpanda. Tsuguharu Foujita, wojambula winanso waku Japan yemwe anapita ku Paris mu 1913, anatchuka ndi mizere yopyapyala yotereyi pamalo oyera ngati mkaka, kaoneni ntchito zake.

Mtundu ikani umodzi wokha. Kwa ine basi yofiira ija ya ku London ndiyokwanira, muiike chakumbali osati pakati, yodukako theka kumapeto kwa pepala ngati ikutuluka.