Kuyezetsa mawere ku England: kalata yanu ikupita kunyumba ya ndani?

Amayi anzanga amene muli ku England, makamaka inu osamalira okalamba, kwa GP wanu (dokotala wa m'dera lanu) kunalembedwa adiresi yanji? Ngati simukudziwa, imbani foni mawa m'mawa mufunse. NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo, imaitana amayi kukajambulitsa mawere pofufuza khansa potengera kaundula wa GP. Kalata yoyamba imabwera pakati pa zaka 50 ndi 53, kenako pa zaka zitatu zilizonse mpaka mukwanitse 71. Ikapita kunyumba imene simukhalako, palibe adzabwere kudzagogoda pakhomo panu.

Ejenti amene anandibweretsa kuno anatilembetsa tonse kwa GP pa adiresi ya nyumba yake, ati kuti makalata asamasowe. Ntchito anandipezera kutauni ina, makalata ankatsala kwa iyeyo. Ndikamufunsa ankangoti, "Palibe chanu, mayi." Tsiku lina ndikusamba ndinamva kambulu kolimba m'bere lakumanzere, chakufupi ndi kukhwapa, kosapweteka n'komwe. Nditamuuza ejenti uja, anati ndisayerekeze kupita kuchipatala chifukwa abwana akamva kuti ndikudwala andilanda viza. Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo akuuzabe ena mpaka pano. Dokotala sauza abwana anu za matenda anu.

Nditalimba mtima n'kupita kukalembetsa kwa GP wapafupi, mayi wolandira anthu anandibweza. Amafuna bilu ya magetsi kapena kalata ya kubanki yokhala ndi dzina langa ndi adiresi imeneyo. Ndiitenga kuti, munthu wogona m'kachipinda ka pantchito? Ndinamunong'oneza kuti ndili ndi chotupa m'bere. Sanadzutse ngakhale mutu, anangondikankhira fomu nati ndidzabwere mapepala akakwana. Miyezi inadutsa. Pamene ndinkaonedwa, inali khansa, itafika kale kukhwapa. Kalata yondiitana kukajambulitsa ndinadzaipeza pambuyo pake mumpukutu wa makalata kunyumba kwa ejenti uja, yosatsegula, ya chaka chapitacho. Ndikaikumbukira envulopu imeneyo mtima umandiwawabe.

Ndiye mverani. Ku England kulembetsa kwa GP n'kwaulere kwa aliyense, ndipo malamulo a NHS amati safunika umboni wa adiresi, chiphaso kapena viza. Akakukanani, pemphani kuti alembe chifukwa chake papepala, kapena muonane ndi manijala. Mukhozanso kulembetsa pa intaneti. Amene mapepala anu sali bwino, dziwani kuti chipatala chachikulu chikhoza kukulipiritsani, koma chithandizo chofunika mwachangu saloledwa kukumanani. Mukasamuka, sinthani adiresi sabata yomweyo, nokha, osatuma munthu.

Kujambula kwake, kumene amati mammogram, si nkhani yaikulu. Wojambula amakhala mzimayi. Mumavula kumtunda kokha, bere amalipana pakati pa timatabwa tiwiri tapulasitiki kwa masekondi ochepa, zithunzi ziwiri bere lililonse. Zimapweteka pang'ono, ena amamva kwambiri, koma zimatha msanga. Tsikulo musadzole paudala kapena kupopera mafuta onunkhira kukhwapa. Zotsatira zimabwera pakalata, nthawi zambiri m'masabata awiri. Pa amayi 100 alionse, pafupifupi anayi amaitanidwanso, ndipo ambiri mwa iwowo sawapeza ndi khansa. Akakuitananinso pitani, musabise kalatayo pansi pa pilo n'kumasala kudya.

Chimene chimandikwiyitsa n'kumva mayi akuti, "Ndikudikira kalata," ali ndi chotupa kale. Kalata ija ndi ya anthu opanda chizindikiro chilichonse. Inu mukaona kambulu m'bere kapena kukhwapa, nsonga ya bere yalowa mkati, ikutuluka magazi kapena timadzi, khungu lachita timaenje ngati khungu la lalanje, bere limodzi lasintha kukula, thamangirani kwa GP, kaya muli ndi zaka 30 kaya 75. Pakhungu lakudali kufiira sikuoneka bwino, ndiye yang'anani malo amene ada kwambiri kuposa ena. Poimba foni nenani mawu akuti "breast lump" momveka, musazungulire chifukwa cha manyazi. GP amakutumizani mwachangu ku kiliniki ya mawere, ndipo cholinga cha NHS n'chakuti mumve zotsatira pasanathe masiku 28. Ngati papita masabata awiri popanda foni kapena kalata, imbani mufunse. Kuno wofatsa amaiwalika.

Ku kilinikiko amakupimani ndi manja, kenako n'kujambula. Amayi osakwana zaka 40 kawirikawiri amayamba ndi ultrasound, sikani ngati ya oyembekezera ija, chifukwa mawere awo amakhala olimba mkati, mammogram siionetsa bwino. Akakayikira amatengako kanyama ndi singano atabaya mankhwala ochititsa dzanzi. Sikani ina yotchedwa MRI sapereka kwa aliyense, makamaka ndi ya amene chiopsezo chawo chodwala khansa n'chachikulu, monga opezeka ndi vuto la chibadwa la BRCA1 kapena BRCA2.

Apa ife timagwa, chifukwa kwathu timangoti "anamwalira ndi chotupa" kapena "anawalodza". Imbirani azakhali kumudzi, funsani bwinobwino: mayi anu, achemwali anu, agogo a mbali zonse ziwiri, ndani anadwala bere kapena thumbo la mazira, ali ndi zaka zingati? Kauzeni GP zimenezo, akhoza kukutumizani kukayamba kuyezetsa zaka 50 zisanakwane. Abambo inunso khansa imeneyi imakugwirani, ngakhale mwa apo ndi apo.

Ngati Chingelezi chachipatala chikukuvutani, womasulira ndi waulere, mupemphe popangana tsiku. Musalole kuti ejenti kapena abwana akhale okumasulirani. Ndipo inu amene mwapitirira zaka 71, kalata sidzabweranso yokha: muziimbira nokha gulu loyeza mawere la m'dera lanu pa zaka zitatu zilizonse, adzakupatsani tsiku.