Musanasaine fomu yogulira mfuti kuno ku America

Ndimakhala ku Indiana, ndipo mfuti yanga ndinaigula nditayamba kupita kosaka agwape ndi apongozi anga mwezi wa November. Chiyambire pamenepo, anzathu a kumudzi amene tili nawo kuno akhala akundiimbira foni kufunsa kuti zimayenda bwanji. Ndaganiza zongolemba, chifukwa ife obwera tikaphonya pa nkhani imeneyi timataya zambiri kuposa munthu wobadwira konkuno.

Yambani mwaona mapepala anu okhalira m'dziko muno. Ngati muli ndi green card, chiphaso chokhalira kuno mokhazikika, lamulo la boma lalikulu, lolamulira America yense, limakulolani kugula mfuti. Ngati munalowa pa visa ya sukulu, ya ntchito kapena yodzacheza, limakuletsani, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama yomwe sinathe. Mapepala akakhala kuti anatha, musayandikireko n'komwe. Pa sitolo yovomerezeka, mfuti yaitali amagulitsa kwa wa zaka 18, pistol kwa wa zaka 21, ndipo pistol mumalandirira mu state imene mumakhala.

Popita tengani green card ndi laisensi yoyendetsera galimoto kapena ID ya state yokhala ndi adiresi ya kumene mukukhala panopa. Ngati munasamuka, kasinthitseni kaye.

Mukasankha mfuti, wogulitsa akupatsani Form 4473 ya ATF, bungwe la boma lalikulu loona za mfuti, papepala kapena pa kompyuta. Musathamange ngakhale kumbuyo kwanu kuli mzere. Pamene pakufunsa dziko limene ndinu mzika yake, lembani Malawi, ndipo muike nambala ija yoyamba ndi A imene ili pa green card. Kudzitcha mzika ya America musanalumbire ndi bodza limene pa lokha lingakubwezetseni kumudzi. Fomuyo ifunsanso ngati munapezekapo wolakwa pa mlandu waukulu kapena pa nkhanza za m'banja, ngati khoti linakuletsani kuyandikira mnzanu wa m'banja, ndiponso ngati mumasuta chamba. Za chambazi ambiri zimawasokoneza. Ku Michigan, komwe n'kongodumpha malire kuchokera kuno, chamba n'chololedwa, koma fomuyi ndi ya boma lalikulu, ndipo boma lalikulu silinachilole.

Funso limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi lofunsa ngati mfutiyo mukugula ndi yanudi. Ife tinaleredwa kuti m'bale akapempha sukana. Mnyamata wina wochokera kwathu, wophunzira, anandipeza tsiku lina titatuluka m'tchalitchi n'kunena kuti, "Achimwene, inu mapepala anu ali bwino. Ndikupatseni ndalama mukandigulire." Ndinamukanira pomwepo, ndipo anakhala miyezi osandilankhula. Zinandiwawa, komabe sindinasinthe maganizo. Kugulira munthu wina ndi ndalama zake, inu n'kusaina kuti ndi yanu, ndi mlandu, ndipo lamulo la 2022 linaika chilango chofika zaka 15 m'ndende kwa wogulira munthu woletsedwa kukhala ndi mfuti. Mphatso yeniyeni, yogula ndi ndalama zanu kupatsa munthu wololedwa, ndi nkhani ina.

Mukasaina, wogulitsa amatumiza dzina lanu ku NICS, njira ya FBI yofufuzira mbiri ya ogula mfuti. Inayamba mu November 1998 potsatira lamulo la Brady la 1993, ndipo maofesi ake ali ku Clarksburg, West Virginia. Ma state ena amafufuza kudzera kwa apolisi awo, koma kuno ku Indiana sitolo imafunsa FBI mwachindunji. Mayankho ndi atatu: mwaloledwa, dikirani, kapena mwakanidwa. Ambiri amayankhidwa asanachoke pa kauntala.

Ine anandiuza kuti ndidikire, ndipo mtima unagunda. Musachite mantha zikakuchitikirani. Munthu amene si mzika, dzina lake amakalifunsanso ku ofesi yoona za olowa m'dziko, ndipo zimenezi zimachedwetsa. Nambala ya Social Security pa fomuyo si yokakamiza, koma ilembeni, makamaka ngati ndinu a Banda kapena a Phiri, kuti asakusokonezeni ndi wina wa dzina lomwelo. A FBI amakhala ndi masiku 3 ogwira ntchito. Akapanda kuyankha, lamulo limalola sitolo kupereka mfutiyo, ngakhale silikakamiza. Mpata umenewu ndi umene unachititsa kuti Dylann Roof apeze pistol imene anaphera anthu 9 m'tchalitchi cha Emanuel ku Charleston mu June 2015. Ndiye sitolo ikanena kuti idikira yankho lenileni, ine ndimaiyamikira. Kwa osakwana zaka 21 kudikirako kungafike masiku 10 ogwira ntchito.

Mukakanidwa koma mukudziwa kuti mulibe mlandu, funsani wogulitsa nambala ya kafukufukuyo, imene amaitcha NTN, n'kuchita apilo ku FBI. Tumizaninso zidindo za zala. Amene amasokonezedwa ndi munthu wina kawirikawiri angapemphe nambala yawoyawo, UPIN, yomalemba pa fomu ulendo uliwonse.

Nanga dzina lanu limatsala kuti? Kwathu mfuti imalembetsedwa ku polisi. Kuno lamulo la 1986 limaletsa boma lalikulu kukhala ndi kaundula wa eni mfuti, ngakhale ma state ena monga California amasunga zawozawo. Mukaloledwa, a FBI amayenera kufufuta zokhudza inu pasanathe maola 24. Mukakanidwa, amasunga. Koma fomu imene munasaina ija siitayidwa. Imakhala m'sitolo. Kale ankaisunga zaka 20, koma kuyambira 2022 amaisunga mpaka sitoloyo itatseka, ndipo ikatseka mafomu onse amapita ku National Tracing Center ya ATF ku Martinsburg, West Virginia. Mukagula ma pistol awiri kapena kuposa pa sitolo imodzi m'masiku 5 ogwira ntchito, sitolo imadziwitsa ATF.

Apolisi akatola mfuti pamalo pa mlandu, amatenga nambala yake n'kulondola kuchokera ku fakitale, kupita kwa wopikulitsa, kufika pa sitolo, mpaka pa fomu ija. Dzina limene apeze ndi lanu, kaya mfutiyo munagulitsa zaka zapitazo. N'chifukwa chake ine ndinalemba nambala ya mfuti yanga, mtundu wake ndi tsiku logula, n'kusunga pamodzi ndi lisiti m'envelopu momwe muli pasipoti. Mukafuna kugulitsa, pitani ndi wogulayo ku sitolo yovomerezeka, mulipire kandalama kochepa kuti naye asaine fomu yake ndi kufufuzidwa, ngakhale state yanu isakakamize zimenezo. Ikabedwa, kauzeni apolisi tsiku lomwelo, ndipo musunge nambala ya lipoti m'envelopu yomweyo.