Mukamakonza tsiku lolembera limodzi pa Wikipedia

Anzanga a ku Mzuzu kuno amene mukufuna kusonkhana kuti mulembe nkhani pa Wikipedia, za maakaunti muthane nazo msanga. Aliyense atseguliretu akaunti yake kunyumba, pa foni yake, tsikulo lisanafike. Wikipedia salola kutsegula maakaunti opitirira 6 pa tsiku kuchokera pa intaneti imodzi, ndiye mukakhala anthu 20 pa Wi-Fi imodzi, ambiri angokhala manja lende tsiku lonse.

Mitu musankhiretu, ndipo ikhale ya konkuno: khofi wa Mzuzu, damu la Lunyangwa, nkhalango ya Chikangawa. Koma mutu uliwonse ubwere ndi umboni wosindikizidwa, kaya buku, kaya nyuzipepala ngati The Nation. Zoti "agogo anandiuza", ngakhale zikhale zoona, olemba ena adzazichotsa. Mukalemba kuti Mzuzu unakhala mzinda mu 1985, pomwepo sonyezani kumene mwazipeza. Musakopere mawu a m'bukumo, fotokozani m'mawu anuanu.

Oyamba kumene asathamangire kulemba nkhani yatsopano. Ayambe ndi kuwonjezera ziganizo ziwiri zitatu pa nkhani imene ilipo kale. Ine ndimaona kuti thukuta lathu limapindula kwambiri pa Wikipedia ya Chichewa ndi ya Chitumbuka kusiyana ndi ya Chingerezi, poti kumeneko olemba ndi ambirimbiri kale.

Zithunzi ikani pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi za Wikipedia, zojambula nokha, osati zotola pa Facebook. Malaputopu abwere atatchajidwa, wina anyamule ekisitenshoni, ndipo muzisunga zomwe mwalemba pafupipafupi poti magetsi akhoza kuthima nthawi ina iliyonse.