Gawani foda yonse, osati fayilo imodziimodzi

Anzanga amene mumagwiritsa ntchito SharePoint (pulogalamu ya Microsoft yosungira ndi kugawana mafayilo) kuntchito, siyani zomatumizirana mafayilo pa imelo. Ine zinandisautsa, lipoti limodzi linafika pa makope anayi, aliyense akukonza lake mpaka osadziwanso lenileni ndi liti.

Pano ndimangopanga foda imodzi, ndikudina Share, kenako ndikulemba dzina la gulu lathu m'malo mwa munthu mmodzimmodzi. Chilichonse chomwe mwaponya mufodamo chimatengera chilolezo cha fodayo ndiye simubwerezanso, ndipo akabwera munthu watsopano mumangomuwonjezera m'gulumo basi.

Koma chonde yang'anitsitsani pa Can edit ndi Can view, wongowerenga mpatseni view yokha. Linki ya Anyone ipeweni pa zinthu ngati malipiro a antchito, chifukwa aliyense amene waipeza amatsegula.