Mowa supha mofanana: adziweni amene ali pachiswe pakhomo panu

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni padziko lonse, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Imfazi sizigwa mwachisawawa. Mnyamata, mayi ndi bambo wachikulire amafa m'njira zosiyana, choncho chisamaliro chawo chimasiyananso.

Azaka 20 mpaka 39 nthawi zambiri amapita usiku umodzi: ngozi ya kabaza, ndewu, kumira, kudzipha, kapena kutsamwa ndi masanzi ali mtulo. Chiwindi chimachotsa mowa wa magalamu pafupifupi 10 pa ola, pomwe botolo limodzi la mowa wa 5 peresenti la mamililita 330 lili ndi magalamu 13. Kachasu amaposa pamenepo kangapo, ndipo mphamvu yake siyezedwa. Munthu akagugudiza, mowa umapitiriza kukwera m'magazi iye atagona kale.

Woledzera amene sakudzuka musamusiye kuti "agone, utsike". Mugonekeni cham'mbali, bondo la pamwamba lopinda, kamwa litapenya pansi kuti masanzi atuluke. Mufunditseni. Osamuthira madzi ozizira, osamumwetsa kanthu, osamusanzitsa. Ngati akupuma kosakwana kasanu ndi katatu pa mphindi, milomo yasintha mtundu, kapena wagunda mutu, pezani galimoto yopita naye kuchipatala nthawi yomweyo. Wodwala shuga ndi amene wamwa osadya, shuga wawo amatsika kwambiri, ndipo achibale amangoona ngati ndi kuledzera.

Amayi amafa ochepa, koma thupi lawo lili ndi madzi ochepa kuposa la bambo wolemera mofanana, motero mowa womwewo umachuluka m'magazi ndipo chiwindi chimaonongeka msanga. Mowa umaonjezeranso chiopsezo cha khansa ya m'mawere. Chomvetsa chisoni n'chakuti amayi ambiri amamwera m'nyumba mobisa, ndiye amafika kuchipatala mimba itatupa kale. Woyembekezera asamwe n'komwe, ngakhale masese.

Apa pali mfundo imene timafuna mafumu ndi makomiti a zaumoyo aigwiritsitse: wosauka amafa msanga ngakhale atamwa mofanana ndi wolemera. Ku Scotland, komwe imfa zimalembedwa mosamala, a m'madera osaukitsitsa amafa ndi mowa kuposa kanayi poyerekeza ndi a m'madera olemera. Kwathu kuno zifukwa zikuoneka ndi maso. Waganyu amamwa m'mimba muli pululu. Chiwindi chake mwina chinafooka kale ndi matenda a hepatitis B kapena chuku cha mtedza ndi chimanga chosaumika bwino. Akaledzera amadumphitsa ma ARV kapena mankhwala a TB. Chipatala chili kutali, ndipo mowa umene angakwanitse ndi wotchipa, wosadziwika kuti mwalowa chiyani.

Ofulula amve izi. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa mowa pamaliro. Ambiri anaganiza za ndulu ya ng'ona, koma kuyeza kunapeza poizoni wochokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga womwe unanyowa ndi madzi osefukira. Ufa wonyowa ndi kuola utayidwe, kuwiritsa sikuchotsa poizoniyo. Musathire sipiriti, feteleza kapena mankhwala ena aliwonse kuti mowa "ukhale waukali". Sipiriti wa methanol amayamba kuonetsa zizindikiro patadutsa maola 12 mpaka 24: kuona chimbuuzi, kupweteka m'mimba, kupuma mofulumira. Mmodzi akayamba chonchi, onse amene anamwa naye apite kuchipatala, ndipo atenge mowa wotsalawo.

Azaka 45 kupita m'tsogolo, mowa umawadya pang'onopang'ono kudzera m'chiwindi, kuthamanga kwa magazi, sitiroko ndi khansa ya pakhosi. Maso achikasu, kutupa mimba ndi miyendo, chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanza magazi ndi zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo, osati zodikira malipiro.

Amene amamwa tsiku lililonse ndipo amanjenjemera m'mawa asasiye mwadzidzidzi ali yekha. Kukomoka ngati wakhunyu kumabwera pakati pa maola 6 ndi 48 atasiya kumwa, ndipo kubwebweta ndi kuona zinthu zoti palibe kumayamba tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Zimenezi zimapha. Mperekezeni kuchipatala asanasiye, akanene zoona za kuchuluka kwa mowa umene amamwa, kuti akapatsidwe mankhwala oletsa kukomokako ndi vitamini B1 woteteza ubongo.